Mseu Ndi wa Yani? Mbiri ya Njinga ndi Motoka mu Lusaka

Anzanga acinyamata, mwezi watha mmodzi wa anyamata a m'gulu lathu kuno ku Lilanda anagona m'cipatala masiku anai. Tsikulo analawira pa njinga kupita ku msika wa Soweto kukaoda tomato wa amai ake, amene ali ndi kantemba pafupi ndi nyumba. Pobwerera, minibasi ina inamupitirira, ndipo isanafike patali inakhotera kumanzere mwadzidzidzi kuti inyamule munthu amene anaiimika. Mnzathuyo anasowa kothawira. Ku dzanja lamanja kunali basi, ku dzanja lamanzere kunali ngalande. Anagwera m'ngalandemo, mkono unathyoka, ndipo bokosi lonse la tomato linaphwanyika. Mpamba wa amai ake unathera pomwepo.

Ine ndinali m'basi ina imene inali kubwera pambuyo, motero ndinamva ndi makutu anga mkangano umene unabuka. Kondakitala anali kukuwa kuti, "Mseu ni wa mamotoka! Njinga ilipira road tax?" Ena mwa okwera anagwirizana naye cifukwa anali kucedwa ku nchito. Koma mkulu wina amene anaima pambali ndi njinga yake yodzaza matumba a malasha anamuyankha mofatsa kuti, "Mwana wanga, ine ndinayamba kuchova mu mseu uno iwe usanabadwe."

Mau a anthu awiriwa akhala akundizungulira m'mutu. Aliyense wa iwo anali kukhulupirira kuti mseu ndi wake ndipo mnzakeyo ndi mlendo. Kodi maganizo amenewa anacokera kuti? Nditafufuza mbiri ya mzinda wathu ndinapeza kuti mkanganowu ndi wakale kuposa kondakitala uja, ndiponso kuposa mkulu wa malasha uja. Mizu yake ili m'mene Lusaka anapimidwira ndi m'mene anakulira.

NJINGA NDIYO INAYAMBA

Njinga ya cheni ndi mawilo awiri olingana, monga imene tiidziwa lero, inapangidwa ndi John Kemp Starley ku Coventry m'dziko la England mu 1885. Mu 1888 John Boyd Dunlop anapanga tayala lopopa mpweya, ndipo kucokera pamenepo njinga inafala msanga. Masiku amenewo motoka inali cinthu cosowa kwambiri. Ku America anthu ochova njinga anali atayamba kale bungwe lao mu 1880, lochedwa League of American Wheelmen, ndipo ndiwo anaumiriza boma kuti likonze miseu ya matope. Conco miseu yosalala imene oyendetsa mamotoka anadzaipeza pambuyo pake, oyamba kuimenyera anali anthu a njinga.

Kwathu kuno njinga inabwera ndi amishoni, amalonda ndi akuluakulu a boma la atsamunda. Kwa zaka zambiri ansembe, abusa, akatekisiti ndi aphunzitsi oyendera masukulu a m'midzi anali kudalira njinga, cifukwa imapita ngakhale m'kanjira ka kumunda kumene motoka singafike. Agogo athu amene anapita kukagwira nchito ku migodi ya ku Copperbelt, ku Wankie kapena ku Joni, akabwerera kumudzi ndi njinga ya Raleigh kapena Humber, mudzi wonse unali kudziwa kuti munthuyo sanapite pacabe. Boma nalo linaona kuti njinga ndi cuma, ndipo linaika laisensi ya njinga pamodzi ndi ya agalu ndi ya mfuti. Ndalamazo zinali kutoleredwa ndi maofesi a mafumu ochedwa Native Authority. Kondakitala uja akanafunsa agogo ake, mwina akanamva kuti iwo analipirapo msonkho wa njinga.

Ngakhale nkhondo yomenyera ufulu wa dziko lino inayenda pa njinga. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 Kenneth Kaunda anali kuzungulira cigawo ca Kumpoto pa njinga, kutsegula nthambi za cipani ca African National Congress. M'buku lake lochedwa Zambia Shall Be Free, limene linatuluka mu 1962, akusimbamo za tsiku limene anakumana ndi mkango ali yekha ndi njinga yake m'thengo. M'masiku amenewo munthu wokhala ndi njinga anali wolemekezeka.

TAUNI IMENE INAIWALA WOCHOVA

Njanji inafika pa Lusaka mu 1905, pamene malowa anali kasiteshoni cabe pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka. Mu 1931 boma la Northern Rhodesia linasankha kusamutsa likulu kucoka ku Livingstone, ndipo katswiri wocokera ku London, Profesa Stanley Adshead, ndiye analemba mapulani oyamba. Likulu latsopanolo linatsegulidwa mu 1935. Anafuna kuti ukhale mzinda wa mitengo ndi maluwa, wa miseu yotakata ndi nyumba zotalikirana. Mzinda wotere umakomera munthu amene ali ndi motoka pabwalo. Maofesi a boma ndi nyumba za azungu zinamangidwa pa citunda kum'mawa kwa njanji, m'dera la Ridgeway.

Munthu wakuda anali kuonedwa ngati mlendo wobwera kudzagwira nchito, amene adzabwerera kumudzi nchito ikatha. Anali kuyenda ndi citupa, ndipo nyumba yake inaikidwa pambali, ku Kabwata, ku Chilenje, ndipo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 ku Matero, kuseri kwa mafakitale. Amene sanapeze nyumba kumeneko anamanga tinyumba pa malo a eni mafamu ndi a makontilakitala. Komboni ya anansi athu a ku George inatenga dzina kwa George Hadjipetrou, mwini wa malowo, ndipo Chawama poyamba inali kuchedwa Roberts Compound.

Taonani cimene cinatulukapo. Anthu ocepa amene anali ndi mamotoka ndiwo anakhala pafupi ndi maofesi, ndipo unyinji wa anthu opanda motoka ndiwo unaikidwa kutali. M'mawa uliwonse khamu la oyenda pansi ndi ochova njinga linali kulowa m'miseu imene inapimidwa molingana ndi motoka. Wochova anapatsidwa malo otsala a m'mphepete. Pamene mamotoka anali owerengeka vutoli silinali kuoneka kwenikweni, koma mbeu ya mkangano inali itafesedwa kale.

UFULU UNABWERA, MAGANIZO ANASINTHA

Ufulu utabwera pa 24 Okutobala 1964, citupa cinatha ndipo anthu anakhamukira ku tauni. Kalembera wa 1963 anapeza anthu pafupifupi 123,000 mu Lusaka. Kalembera wa 2022 anapeza oposa mamiliyoni awiri. Koma miseu ikuluikulu yolowera pakati pa tauni, monga Great North, Great East, Kafue ndi Mumbwa, ikali yomwe ija.

Caka cimodzi cabe ufulu utabwera, dziko linalawa kuopsa kodalira motoka yokha. Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith analengeza ufulu wa azungu a ku Rhodesia, ndipo mafuta amene anali kudzera kumwera anasiya kubwera. Eni mamotoka anayamba kugula petulo mopimidwa, ndipo zinthu zinakhalako bwino pamene paipi ya TAZAMA yocokera ku Dar es Salaam inafika ku Ndola mu 1968. Boma la UNIP linayesa kusamalira mbali zonse ziwiri. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 ku Livingstone kunatsegulidwa fakitale yolumikiza mamotoka a Fiat, ndipo m'zaka za m'ma 1980 fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata inali kupanga njinga za Eagle. Mpaka lero ku Chipata njinga ndi zambiri, ndipo zina zimanyamula anthu molipiritsa.

Mu 1974 kunakhazikitsidwa lamulo lolola boma kuvomereza ndi kukonza makomboni, ndipo caka comweco World Bank inapereka ngongole ya madola 20 miliyoni yokonzera makomboni a mu Lusaka monga George, Chawama ndi Chaisa. Pansi pa nchito yomweyo mapoloti ena a kuno ku Lilanda anapimidwa kuti anthu adzimangire okha nyumba. Kunabwera mipope ya madzi ndi miseu ya m'kati mwa komboni. Koma mtunda wocokera kunyumba kupita ku nchito ndi ku msika sunafupike.

Cimene cinasintha kwambiri m'zaka zimenezi ndi mtima wa anthu. Motoka inasanduka cizindikiro ca apamwamba. Mnyamata akamaliza sukulu, loto lake linali kugwira ciongolero. Njinga, imene inali ulemu wa agogo athu, inayamba kuonedwa ngati ya mlonda, ya wogulitsa malasha ndi ya munthu wobwera kumene kucokera kumudzi. Izi zili ndi ngozi yake pa mseu, cifukwa munthu amene umamupeputsa sumupatsa malo.

ZAKA ZA MAMINIBASI

Boma litasintha mu 1991, malonda a mayendedwe anatsegulidwa kwa aliyense. Kampani ya boma ya mabasi, United Bus Company of Zambia, imene makolo athu amaikumbukira ndi dzina loti UBZ, inatsekedwa mu 1995, ndipo m'malo mwake munadzaza maminibasi a anthu wamba. Dalaivala wa minibasi nthawi zambiri si mwini wake. Madzulo ayenera kupereka kwa mwini basi ndalama imene anapangana, agule mafuta, alipire kondakitala, ndipo zotsala ndizo apite nazo kunyumba. N'cifukwa cake amathamangira munthu aliyense woima m'mbali mwa mseu, mnzake asanamutenge. Malo amene amaimapo mwadzidzidziwo ndi omwe aja a m'mphepete, mmene mumadutsa wochova njinga.

M'zaka zotsatira mamotoka ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan anayamba kulowa ambirimbiri kudzera pa Nakonde ndi pa Chirundu, mpaka aphunzitsi, anamwino ndi amalonda ang'onoang'ono anakwanitsa kugula. Ici cinali citukuko ndithu, koma mseu unacepa. Imani pa Lumumba Road nthawi ya m'mawa muone. Malole akuluakulu opita m'maiko ena, maminibasi, mawilibala a katundu, ogulitsa za m'manja, oyenda pansi ndi njinga, onse akulimbirana malo amodzi.

Njinga nazo sizinathe. Malasha amene amaphika nsima m'makomboni mwathu amacokera kumadera monga Chibombo, Mumbwa ndi Chongwe, ndipo ena mwa malashawo amalowa m'tauni pa njinga. Madzi atacepa m'damu la Kariba mu 2015, mu 2019 ndi mu 2024, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku ndipo ngakhale a kumayadi anayamba kufuna mbaula. Wonyamula malasha amanyamuka usiku kuti afike kukuca, katundu atatambalala mbali zonse ziwiri, kawirikawiri wopanda nyali. Motero pa mseu pamakumana anthu awiri ovutika, wina akuthamangira ndalama ya mwini basi, wina akuthamangira pamela wa ana ake, ndipo aliyense amaona mnzake ngati ndiye mdani.

MISEU YATSOPANO, VUTO LAKALE

Mu 2002 nyumba ya malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano a za miseu, ndipo kucokera m'malamulowo kunabadwa Road Transport and Safety Agency, imene timaidziwa kuti RTSA, ndi Road Development Agency. Mu 2013 kunayamba nchito ya L400 yokonza miseu ya mu Lusaka. Mu 2018 kunayamba nchito ina yocepetsa kuthithikana kwa mamotoka, imene inamanga milatho ya pamwamba ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres. Tiyenera kuyamikira, pakuti fumbi ndi matope zinacepa m'malo ambiri. Koma mseu wosalala umaitana liwiro, ndipo m'miseu yambiri tala imathera pa ngalande yakuya yosavundikira, monga ija anagweramo mnzathu. Pamene pali kanjira ka oyenda pansi, nthawi zambiri timapeza paimikidwa motoka kapena payalidwa malonda.

Boma likudziwa za vutoli. Mu 2019 unduna woyang'anira za mayendedwe unatulutsa cikalata cochedwa Non-Motorised Transport Strategy, conena kuti miseu ya m'matauni iyenera kukhala ndi malo a oyenda pansi ndi a njinga. Mabungwe enanso aonetsa kuti njinga ikali ndi nchito yaikulu. Bungwe la World Bicycle Relief linagawa njinga 23,000 kwa anthu odzipereka amene anali kusamalira odwala AIDS m'dziko lino, ndipo njinga zao za Buffalo zafala kwambiri. Cimene cikusoweka ndi kucotsa mau a m'cikalata cija pa pepala ndi kuwaika pa mseu wa ku Matero, Kanyama ndi Lilanda.

Nanga funso la kondakitala lija la msonkho? N'zoona kuti mwini motoka amalipira road tax ndi ndalama za pa mageti a pa mseu. Koma miseu ya L400 inamangidwa ndi ngongole yocokera ku China, ndipo milatho ija ndi ngongole yocokera ku India. Ngongole za dziko zimabwezedwa ndi misonkho ya anthu onse. Kuyambira mu 1995 aliyense wogula katundu wambiri wa m'sitolo amalipira VAT, ngakhale alibe motoka. Amai a kantemba aja nawo akulipira mseu umene mwana wao anapwetekerapo. Komanso cimene cimakumba maenje pa tala ndi kulemera kwa malole, osati tayala la njinga.

ZOLAKWA ZILI MBALI ZONSE

Tisaname kuti ochova njinga ndi angelo. Madalaivala amadandaula zinthu zoona. Ena a ife timachova usiku popanda nyali titavala zakuda. Ena timayenda ku dzanja lamanja moyang'anana ndi mamotoka, pamene lamulo la dziko lino likuti tiyende kumanzere. Ena timakhota osakweza dzanja, ena mabuleki anatha kalekale ndipo timaimitsa njinga ndi phazi. Dalaivala amene wagunda munthu wotere amakhala ndi bala mumtima moyo wake wonse.

Koma pali kusiyana kumodzi kumene sitingakubise. Wochova akalakwitsa, amene amapwetekeka ndi iye mwini. Dalaivala akalakwitsa, amene amapwetekeka ndi wochova yemweyo. Lipoti la World Health Organization la mu 2023 linanena kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pa mseu caka ciliconse padziko lonse, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, ochova njinga ndi okwera njinga zamoto. Bungwe lomwelo likuti ngozi za pa mseu ndizo zimapha kwambiri anthu a zaka 5 mpaka 29 kuposa matenda alionse. Amenewo ndife, acinyamata. Conco amene wagwira citsulo colemera ndiye ali ndi udindo waukulu.

PHUNZIRO LOCOKERA KU HOLLAND

Ena amati zinthu zimenezi sizingasinthe. Lero dziko la Netherlands, limene ambiri timalicha Holland, limadziwika ndi njira zabwino za njinga, koma silinali tero nthawi zonse. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, nawonso anakulitsa miseu cifukwa ca mamotoka ndi kukankhira njinga pambali. Mu 1971 anthu oposa 3,000 anafa pa miseu yao, ndipo oposa 400 mwa iwo anali ana. Makolo anakwiya nayambitsa gulu lochedwa Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti lekani kupha ana. Anacita zionetsero, anatseka miseu ya m'malo okhala anthu kuti ana asewerepo, ndipo anavutitsa makhansala ao kosalekeza. Mafuta atasowa mu 1973, boma linaletsa mamotoka kuyenda masiku ena a Sande. Pang'onopang'ono matauni anayamba kumanga njira za njinga zopatukana ndi za mamotoka ndi kucepetsa liwiro pafupi ndi nyumba za anthu. Amene anayamba zonsezi anali makolo wamba ndi acinyamata.

NANGA IFE A KU LILANDA?

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa kuti mseu wopanda malo a njinga unapangidwa ndi anthu, motero anthu angaukonzenso. Pali zimene tingayambe popanda kudikira. Aliyense wa m'gulu lathu amene ali ndi njinga aone mabuleki, aike belu, nyali kutsogolo ndi kagalasi kofiira kowala kumbuyo, ndipo usiku avale coyera. Ambiri a inu muli ndi abale madalaivala ndi makondakitala, ndipo ena mukuphunzira kuyendetsa. Kumbukirani kusiya mpata wokwanira popitirira njinga, kuyang'ana pagalasi la kumanzere musanaime, ndi kuona kumbuyo musanatsegule citseko. Ifenso okwera tisiye kuimika basi paliponse ndi kukalipira dalaivala kuti athamange, cifukwa liwiro lina limacokera m'kamwa mwathu.

Cinanso, tilankhule ndi amene amapima miseu. Tili ndi khansala, tili ndi komiti ya citukuko ya wadi yathu. Gulu lathu lagwirizana kuti tiyende m'miseu ya kuno, tilembe malo onse amene ngalande zili poyera ndi amene anthu agundidwapo, kenaka tikapereke ndi kupempha mahampu, zovundikira ngalande ndi kanjira ka njinga. Pa 3 Juni, tsiku limene United Nations inapatula mu 2018 kukhala la njinga, tikufuna kudzaitana madalaivala a pa siteshoni yathu ndi onyamula malasha kuti akhale pansi pamodzi. Magulu a acinyamata a ku George, Matero ndi Chunga, khomo ndi lotsegula, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Mnzathu uja anatuluka m'cipatala ndipo mkono ukupola. Tinasonkha ndalama pang'ono kuti amai ake ayambirenso malonda, ndipo wilo la njinga laongoledwa. Pamene tinapita kukamuona anatiuza kuti akacira afuna kukaphunzira kuyendetsa motoka kuti adzapeze nchito ya udalaivala. Tinaseka tonse, koma ndinamupempha cinthu cimodzi, kuti tsiku limene adzakhale pa ciongolero asadzaiwale m'mene mseu umaonekera ukakhala pakati pa basi ndi ngalande. Akulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.